Chibakera pa Bondo Lamanzere

Port Amory, Florida
1 Malichi 1954

Achemwali anga Arzula,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndinafika Lachisanu, wamoyo ndithu, koma msana wophwanyika chifukwa cha mpando wakumbuyo wa basi.

Musafulumire kululutira. Timu yonse ikugona ku hotela ya m'mbali mwa nyanja, ine ndekha ndikugona kwa Malume Hosea, kutsidya kwa njanji. Mlonda wa pahotelapo anangoyang'ana chikwama changa n'kunena kuti, "Katundu amalowera kuseri." Nditamuuza kuti ndine wosewera, anati, "Ndiye kuti kuseri komweko ayinso." Sindinadandaule kwenikweni. Azakhali Odessa amaphika mpunga wa nyemba zofiira umene a kuhotelawo sadzaulawa mpaka kufa.

Chondiwawa n'china. Tauni ino ili ndi lamulo loti wakuda ndi mzungu asasewere besibolo, mpira wathu woponya ndi kumenya ndi ndodo uja, pa bwalo limodzi anthu akuonerera. Ndiye m'mawa ndimawakha mipira ya oponya onse kuseri kwa bwalo, kumene kulibe anthu, koma masana masewero akamayamba ndimavula yunifolomu n'kukakhala kunja kwa mpanda. Ndimasuzumira pa kampata, kuona anyamata amene ndawawongola m'mawa akuomberedwa m'manja. Manejala akuti ndipirire, timu ikamabwerera kwawo ku Ohio pa 5 Epulo lamulo limeneli litsala kuno. Koma atenga owakha awiri okha, ndipo tilipo anayi. Angandisankhe bwanji asanandionepo ndikusewera?

Ndili ndi zaka 33, achemwali. Mawondo anga amalira ngati chitseko cha tchalitchi chathu. Ndatha zaka khumi ndi ziwiri m'matimu a akuda, ndipo khomo ili latseguka mphamvu zitatsala pang'ono kundithera. Likanditsekekera pano palibenso lina, ndipo ndili ndi mantha.

Munditumizire masokosi anga a ubweya aja. Mundiuzenso ngati Amayi ayamba kumwa mankhwala awo kapena akuwathirabe m'maluwa.

Mlongo wanu,
Ozell

Mobile, Alabama
6 Malichi 1954

Iwe Ozell,

Tonse tili bwino. Mankhwala Amayi akumwa, maluwa nawonso akumwa, amagawana.

Masokosi ndi amenewo. Koma tandiuza, unapita ku Florida kukasewera kapena kukalira? Kalata yonse mawondo ndi mipanda basi.

Azimayi amene amabwera kudzawongoletsa tsitsi pakhomo pano andisowetsa mtendere. Dzulo Mayi Pickens, chipeso chamoto chili m'mutu, akuti, "Koma mlongo wanuyo alidi pa timu ya azungu, kapena amangowachapira?" Ndinatsala pang'ono kuwaotcha khutu mwadala. Ndiye unditumizire chithunzi utavala yunifolomu, dzina la timu likuoneka bwinobwino pachifuwa. Kalendala ndachotsa kale pakhoma, msomali ukudikira.

Pirira. Uzikumbukira amene anakuphunzitsa kuwakha. Ndinkakuponyera kuseri kwa nyumba mpaka zala kutupa, uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mamina ali chuchuchu. Ndinkaponya kuposa anyamata onse a mumsewu wathu, koma ine palibe anandiitanapo, ngakhale kukakhala kunja kwa mpandako. Iwe wafika pampanda. Usasunthepo.

Uwapatse moni Malume ndi Azakhali.

Mchemwali wako,
Arzula

Port Amory
13 Malichi 1954

Achemwali,

Muli bwanji nonse? Masokosi afika, zikomo. Chithunzi chivuta pang'ono. Wojambula wa timu amabwera masana, ine nditavula kale.

Koma ndapeza woponya woposa onse a pa timu, mwina wofanana ndi inu nokha. Mukudziwa kuti Malume amadula nsomba ku dziwe la a Kessler, kumene azungu amapita kukaonera madolifini, nyama zazikulu za m'nyanja zonga nsomba zija, akudumpha. Ife timaloledwa kulowa tsiku limodzi pa chaka, koma wodula nsomba amalowa tsiku lililonse. Dzuwa likangotuluka ndimawaperekeza ndisanapite ku bwalo.

Muli dolifini wina wamkazi. Pa chikwangwani analemba kuti Sunny, koma Malume amamutcha Mayi Busa, akuti chifukwa amaona zonse ndipo saiwala kanthu. Tsiku lina mpira wanga wakale unagwera m'madzi. Anautola ndi kamwa, n'kundiyang'ana ndi diso limodzi, n'kuuponya. Unafikira m'golovesi mwenimweni, phaa!

"Mwaona, Malume?"

"Ndaona. Usamutamande kwambiri, ayamba kufuna kugona ku hotela."

Mwachizolowezi ndinanyonyomala ngati ndili kumbuyo kwa womenya, n'kumuonetsa zala pakati pa mawondo monga ndimachitira ndi woponya aliyense. M'masiku anayi anali atagwira. Chala chimodzi, aponye molunjika. Ziwiri, aponye mokweza. Anyamata ena a pa timu chaka chimatha asanagwire zimenezi.

Ndamuphunzitsanso chizindikiro chathu cha Lamulungu. Mukukumbukira mmene Amayi ankaletsera mpira pa tsiku la Ambuye, ife n'kumasewerabe iwo akatsalira ku msonkhano wa amayi? Akatulukira pa ngodya ndinkaika chibakera pa bondo lamanzere, inu n'kubisa mpira mu diresi. Kuno kuli kapitawo, dzina lake Rusk, amene safuna kuona wakuda pafupi ndi madzi. Akamabwera ndimaika chibakera pa bondo, Mayi Busa n'kumira ndi mpira, kukausiya pansi, n'kubwereranso pamwamba nkhope ili yosalakwa ngati yanu ija. Ngakhale Malume sanazindikire mmene timachitira.

Rusk ameneyu amawamana madolifini chakudya m'mawa kuti masana azidumpha ndi mtima wonse. Malume amabisa tinsomba m'thumba la ovolosi n'kumamupatsa mozemba. Akuti chigulitsireni mwana wake chaka chatha, Mayi Busa ankangozungulira dziwe osayang'ana munthu, ndipo mpirawu ndi chinthu choyamba chimene wachifuna yekha. Kunena zoona, achemwali, pa tauni yonse ino ndi yekhayu amene amandiponyera mpira akukondwa.

Ozell

Port Amory
19 Malichi 1954

Achemwali,

Sindinalandire yankho lanu koma sindingadikire. Ndikhulupirira Amayi ali bwino. Kamwa langa landipalamulira.

Ndinayamba kudzitama kwa woponya wina kuti ndikudziwa dolifini wogwira zizindikiro msanga kuposa iye. Nkhani inayenda mpaka kwa mwini timu, a Whitcomb. Dzulo anandiitanitsa, ndudu ili pakamwa.

"Iwe mnyamata, ndamva uli ndi nsomba yodziwa kuwerenga zala."

"Si nsomba kwenikweni, bwana. Amapuma mpweya ngati ife."

"Ngati ife?" Anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anandiuza maganizo awo. Akufuna kumugula Mayi Busa kwa a Kessler, amukweze lole mpaka ku Ohio, akamuike mu thanki ya lona pambali pa bwalo, aziponya mpira woyamba pa masewero aliwonse anthu azidzaza mipando. "Ndipo popeza amamvera iwe, nawenso ukwera. Ndikulemba ngati wowakha wachitatu. Uzisewerako ndithu apo ndi apo." Lachitatu pa 24 akubwera ku dziwe ndi atolankhani kuti adzaone ndi maso awo. Mayi Busa akaponya, tonse awiri tatengedwa.

Ndinathamanga kukawauza Malume ndikumwetulira ngati chitsiru. Iwo anapitiriza kudula nsomba osadzutsa mutu. Kenaka anati, "Mwamuna wa Mayi Busa tinamukweza lole chaka chatha, kupita ku chionetsero ku Georgia. Ulendo wa maola asanu ndi limodzi basi. Tinamukulunga m'mabulangete onyowa, ine ndikumuthira madzi ndi chidebe njira yonse. Khungu linang'aluka ngati la mbatata yootcha. Ankalira ngati kamwana, kenaka anasiya. Tinafika naye atafa. Ku Ohio ndi masiku awiri."

"Ndiye nditani, Malume?"

"Ine anandilemba yodula nsomba, mwana wanga. Yogamula milandu sanandilembe."

Kukana poyera sindingathe. A Kessler akufunitsitsa kugulitsa, ndipo angadziwe kuti Malume ndiwo andiuza za loleyo. Ntchito yawo ya zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ingathere pomwepo, ndipo Rusk angangophunzira zalazo n'kukwera loleyo yekha.

Usiku uliwonse wa moyo wanga ndakhala ndikulota dzina langa likuitanidwa pa bwalo lalikulu. Sindinaganizepo kuti lidzaitanidwa pambuyo pa la dolifini, koma ngakhale choncho ndikulifuna, achemwali, ndikulifuna kwambiri. Mundiyankhe msanga.

Ozell

Mobile
24 Malichi 1954

Ozell,

Tili bwino. Makalata ako awiri afika limodzi lero. Wa positi anasiya yoyamba ija kwa aneba, iwo n'kuiiwala pamwamba pa wailesi. Ndiye ukufunsa nzeru za Lachitatu, ine ndikuwerenga Lachitatu lomwelo. Pofika pano zonse zachitika, ndipo ndikudziwa kuti wachita zanzeru chifukwa ndinakulera ndine.

Ndamumvera chisoni Mayi Busa wakoyo, sindinama. Ndinaseka mpaka misozi powerenga za nkhope yosalakwa. Koma nyama ndi nyama, Ozell. Mwinanso safa. Azungu akagula chinthu amachisamala kuposa mmene amasamalira ife. Malume nawo amakonda kuopseza anthu, unaiwala nkhani zawo za ng'ona zija?

Zoti ukulowera pa msana pa dolifini zisakuchititse manyazi. Lowa kaye. Ukangonyonyomala kumbuyo kwa womenya kamodzi kokha anthu akuona, aiwala za thanki.

Ndawauza kale azimayi onse kuti ukupita ku Ohio. Mayi Pickens angoti "Oo?" n'kukhala chete mpaka kumaliza tsitsi, chinthu chimene sichinachitikepo. Alamu ako akuti sitima yanu ikamadutsa tidzakutumizira chitumbuwa cha mbatata. Chithunzi chija tsopano ulibe pothawira, atolankhani analipo.

Arzula

Port Amory
27 Malichi 1954

Achemwali,

Kalata yanu ndalandira lero. Sizinatheke. Dolifini sanaponye, ndipo a Whitcomb andichotsa pa timu. Yunifolomu ndabweza. Ndapeza ganyu yotsitsa nsomba ku doko, ndikhala kaye kuno. Musandifunse zambiri. Amayi muwauze kuti ndili bwino ndipo ndikudya.

Ozell

Mobile
31 Malichi 1954

Ozell,

Moni sindikupatsa wambiri. Mizere isanu? Munthu amene unadzaza masamba atatu ndi nkhani ya dolifini, za moyo wako walemba mizere isanu?

Ndiye ndikufunsa ndithu. Mwamuna wa Mayi Pickens amagwira ntchito m'sitima ya ku Florida, ndipo wabwera ndi nkhani yoti zinalembedwa m'nyuzipepala: wakuda wina anamiza mwini timu kuti nsomba imawerenga, n'kuchita manyazi pamaso pa anthu. Mkazi wake wafotokoza pakhomo panga pano, pampando panga, mawu ali okhuta chisoni chabodza. Ine chipeso chili m'manja, kusowa pobisa nkhope.

Kodi zonse zija unkandinamiza? Kapena unamwa usiku wake, manja n'kumanjenjemera? Kapena unawayankha mwachipongwe a Whitcomb, monga unachitira ndi manejala wa ku Birmingham uja? Ndimakudziwa, Ozell. Ukaona chinthu chabwino chikuyandikira umachikankha wekha, kuopa kuti ena angayambe kukulanda.

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Sindinakwiye chifukwa cha Mayi Pickens. Ndakwiya chifukwa mpira umene unkawakha kuseri kwa nyumba unali wanganso. Ine ndinaima pa chipeso ichi zaka makumi awiri ndikudziuza kuti mmodzi wa ife alowa.

Amayi sindinawauze kanthu. Uwalembere wekha.

Arzula

Port Amory
4 Epulo 1954

Mwana wanga Arzula,

Ndine malume ako Hosea. Akulemba ndi azakhali ako chifukwa zolemba zanga ngakhale mwini wakene sindiziwerenga. Tili bwino. Mlongo wanga ali bwanji, miyendo ija?

Kalata yako mnyamatayu anaiwerenga, n'kuipinda, n'kupita ku doko osadya. Sakuyankha, ndiye ndiyankha ndine. Mowa sanamwe, ndinali naye. Chipongwe sanachite. Ndikuuza zimene ndinaona.

Anabwera a Whitcomb, a Kessler, Rusk ndi atolankhani atatu. Ozell anauzidwa kuti avale yunifolomu kuti chithunzi chikome. Anaponya mpira m'madzi, Mayi Busa n'kuutola bwinobwino, mnyamatayo n'kunyonyomala m'mphepete mwa dziwe. Ine ndinali kumbuyo kwake ndi chidebe, mtima uli m'malere, chifukwa ndinkadziwa kuti Mayi Busa akaponya ndiye kuti wadziponyera pa lole.

Basi anangomira. Pobwera pamwamba analibe mpira. Anangoti duu, kumawayang'ana azunguwo mmodzimmodzi. Ozell anaonetsa chala chimodzi m'mwamba kuti onse aone, anaonetsa ziwiri, anaimba likhweru. Anamuponyera mpira wina, uwonso unakathera pansi. Wachitatu chimodzimodzi. Mtolankhani wina anati, "Mwina akuwerengabe, mumupatse pensulo." Anaseka onse.

A Whitcomb anafiira ngati nkhanu yophika. "Wandiitanira anthu kuti adzaone nsomba yopusa ndi munthu wabodza?"

Ozell anavula chipewa n'kunena kuti, "Pepani bwana, ndinkangoyesa kuti amamva. Ndine mbuli, sindidziwa zinthuzi." Mwana wa mlongo wanga, amene amasunga m'mutu zofooka za omenya zana limodzi, kudzitcha mbuli pamaso panga! Zinandiwawa, Arzula.

Chimene chinamugwira Mayi Busa tsiku limenelo sindikuchidziwa. Sanalakwitsepo n'kamodzi komwe. Azakhali ako akuti ndi pemphero. (Ndikutidi ndi pemphero. Ndine Odessa.) Chimene ndikudziwa n'chakuti malonda anafera pomwepo, ndipo timu ikunyamuka mawa popanda lole.

Usaganize kuti zakoma. Akadali m'dziwe lomwelo, ndipo Rusk anamumana chakudya tsiku lathunthu pomulanga. Ozell analetsedwa kupondanso pamenepo. M'mawa uliwonse Mayi Busa amatulutsa mpira umodzi n'kubwera nawo kwa ine, n'kumayang'ana kumbuyo kwanga. Ine zala zake zija sindizidziwa, ndimangomupatsa kansomba.

Akuti unkafuna chithunzi. Ndadula ichi m'nyuzipepala. Mawu a pansipo usawerenge, ndi achipongwe, koma yunifolomu ikuoneka bwino.

Malume ako,
Hosea Gadsden

Mobile
9 Epulo 1954

Ozell, mlongo wanga,

Uli bwanji? Ukudya? Manja sakung'aluka ndi madzi a mchere?

Malume anditumizira chithunzi. Ndinachiponya m'dirowa masiku awiri osachiyang'ana. Dzulo madzulo, makasitomala atapita, ndinachitulutsa kuti ndichiotche. Yunifolomu ikukukhala, dzina la timu likuoneka monga ndinkafunira. Wanyonyomala m'mphepete mwa madzi. Dzanja lamanja wakweza m'mwamba, chala chimodzi chili njo, ndipo azungu onse akuyang'ana chalacho. Dolifini yekha ndiye sakuchiyang'ana. Diso lake lili pansi, ndiye nanenso ndinayang'ana pansi.

Golovesi unaivula, ili pambali. Dzanja lamanzere lili pa bondo.

Ndinakhala pansi, Ozell. Ndinalira mpaka alamu ako kuyesa kuti kwabwera uthenga wa maliro. Ndinakutcha wabodza, woledzera ndi wamantha m'kalata imodzi, pamene iwe unali utandiuza kale zonse pa 13 Malichi. Ndikhululukire.

Sindinena kuti ine ndikanachita chimodzimodzi. Mwina ndikanatambasula dzanjalo, ndipo mpaka pano mtima wanga wina ukulirabe Ohio. Koma ndaona kuti anakupatsa khomo loti ulowe utaponda wina amene sangathe kudzilankhulira, ndipo ife timadziwa kupondedwa kotero kuposa aliyense. Unalola kuti nonse awiri mutchedwe opusa. Sindiuza munthu, ngakhale Malume, ntchito yawo ingavute.

Chithunzicho ndadula mawu a pansi, ndachipachika pa msomali uja. Mayi Pickens afunsa m'mawa uno kuti, "Mwapachikiranji chithunzi cha tsiku limene anamuthamangitsa?" Ndawauza kuti aweramitse mutu, chipeso chatentha.

Amayi ndiwo andimaliza. Anapempha magalasi awo, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali, mphuno itatsala pang'ono kugunda pepala. Kenaka anati, "Si chibakera chija ichi? Chimene ankaika ndikatulukira pa ngodya?"

"Amayi, munkadziwa?"

"Mpira unkaonekera mu diresi ngati chotupa. Ndinkangoyenda pang'onopang'ono kuti mumalize kubisa." Ndiye anafunsa kuti, "Pano amabisira ndani?" Ndinawauza zonse, iwo okha. Akuti ubwere.

Bwera, Ozell. Ubwere ndi golovesi. Mkono wanga ukadalipo, ndipo kuseri kwa nyumba kulibe lamulo la tauni. Amayi akuti ngakhale Lamulungu, bola titaweruka ku tchalitchi, ndipo iwo akhala pakhonde kuti aonerere. Chibakera chija uchichotse pa bondo, kuno palibe amene tikumubisira mpira.

Mchemwali wako,
Arzula